Mfundo ya ku Bama

Baltazar atabwerako ku nkhondo mu 1946, anauza anthu a ku Lifidzi kuti iye ku Bama ankangophika. "Mfuti ndinkangoionera kwa anzanga," ankatero. Anthu ankamuseka kuti anadumpha malire, kukalembetsa usilikali wa Keyala kwa Angelezi, kuti akakwechese miphika basi. Iye kusekedwako ankakukonda, chifukwa zoona zake zinkamuchititsa manyazi.

Anali m'kagulu kapadera kotumidwa kuseri kwa adani. Ankakwawa m'nkhalango osavala jombo, kugwira Mjapani wamoyo n'kubwera naye kuti akafunsidwe. Kamangidwe kake anachita kuphunzitsidwa: zala zazikulu kumbuyo, chingwe n'kudzera pakhosi, kuti munthu akangoti aphiriphithe azidzitsamwitsa yekha. Ena mwa ogwidwawo sankafika kumsasa amoyo.

Tsono mtima wake unagwa pa Inácia, mtsikana wa kwaya ku Fonte Boa. Inácia za asilikali sankafuna n'kumva komwe, koma wophika anamulola. Ankhoswe anali atakumana kale, ukwati ukudikira kuti Pasaka idutse.

Lachisanu Loyera apadiri anakonza sewero la masautso a Yesu. Victorino, mlongo wake wa Inácia, ndiye anali Yesu chifukwa cha ndevu zake. Apadiri anaika Baltazar pa usilikali wa Chiroma poti jombo anali nazo yekha.

"Alamu, mundimange zooneka," anatero Victorino akuseka. "Chaka chatha chingwe chinamasuka ndisanafike kwa Pilato, azimayi n'kuyamba kuseka m'malo molira."

Dzuwa lili paliwombo, bwalo litadzaza, sewero linafika pogwira Yesu. Anthu anakuwa, fumbi linabuka, Petro anasolola chikwanje chake chamtengo. Apo Baltazar sanaganizenso. Pakamwa pamanama, koma manja ake anakumbukira zonse. Victorino anapezeka ali chafufumimba, bondo lili pamsana, chingwe chili pakhosi.

Poyamba anthu anaomba m'manja. Kenaka anaona maso a Victorino atatong'oka, thovu lili kukamwa. Apadiri anathamangira kukamasula, koma akakoka uku, mfundo inkalimbira uko. Mpeni unalibe polowa, chingwe chinali chitamira m'khungu. Baltazar anangoima kakasi.

"A Baltazar, masulani!" anakuwa Inácia.

Baltazar anagwada, napeza kansonga kobisika pansi pa dzanja, nakoka kamodzi kokha. Chingwe chonse chinangoti wekawu. Kumanga kuja mwina akanati ndi ngozi, koma kumasula kumeneku ndiko kunamuulula.

A Martinho, bambo ake a Inácia, anatola chingwecho n'kuchiyang'anitsitsa. "Kodi ku Bama miphika mumaimanga chonchi?"

Baltazar akanakonda nthaka itang'ambika.

Victorino anachira, ngakhale chipsera chinatsala pakhosi. Anamukhululukira mlamu wakeyo, mpaka ankachita nazo nthabwala. Palibe anamuthamangitsa Baltazar, palibenso anamusekanso za miphika, ndipo iye kusekedwa kuja anakulakalaka.

Pasaka itadutsa anakumana ndi Inácia panjira yochokera kuphiri. Luzi la mtolo wake linali litaduka, nkhuni zili mbwee pansi. Baltazar anawerama, natola luzi lija kuti amulumikizire.

Inácia sanamuyang'ane kumaso. Anayang'ana manja ake, nabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Siyani," anatero chapansipansi. "Ndimanga ndekha."