Tsiku Limene Paipi Inaphulika kwa Ardith

Ardith Maslak sankapenta, sankasema, ndipo akati aimbe nyimbo agalu ankathawa. Luso lake linali thupi lake lomwelo. Ankati chithunzi chopachika pakhoma ndi mtembo, luso lenileni ndi munthu wamoyo kuchita chinthu anzake akuona, chikatha chatha. Lero ana asukulu amalemba mayeso za iye, koma mu 1973 kuno ku New York tinkamudziwa anthu makumi atatu okha, ndipo theka la ife tinkatsata vinyo waulere.

Ine Gus ndinali wa kamera. Popeza zochita zake sizinkasiya kanthu kogwirika, pankafunika mboni yoti zinachitikadi.

Chimene chinkamudya mumtima chinali bambo ake. A Cyril Maslak anali pulambala ku Toledo, ndipo kalata iliyonse ankaimaliza ndi funso limodzi: kodi ntchito uipeza liti? Ardith ankatiwerengera akuseka, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha. Ankafunitsitsa kuti mdalayo aone ndi maso ake n'kuvomera kuti mwana wake si lova. Chaka chimenecho a Cyril anavomera kubwera, koma masana amodzi okha, basi yobwerera inali ya folo koloko.

Tsikulo tinali m'fakitale yakale ya mabatani, pansanjika yachisanu. Kukhoma lina kunali ndowa yodzaza madzi, kukhoma linalo ndowa yopanda kanthu. Ardith ankayenera kusamutsa madziwo ndi supuni ya tiyi tsiku lililonse kuyambira thwelofu mpaka faifi, osayankhula, osapuma. Pachitseko anamata pepala: Chilichonse chochitika muno ndi mbali ya sewero, musalowererepo. Lamulo limeneli ife tinkaliopa kuposa malamulo khumi aja.

A Cyril anafika atavala suti ya kutchalitchi nakhala pafupi nane, chipewa pamaondo. Anapenya mwana wawo akupita, akubwera, akupita.

"Aphwanga, ayamba nthawi yanji?"

"Ayamba kale, bambo."

"Ndi zimenezi?"

"Ndi zimenezi."

"Nanga osangonyamula ndowayo bwanji?"

"Nkhani yagona pamenepo, bambo."

"Yagonadi," anatero, nayang'ana wotchi.

Itangodutsa thuu koloko, paipi yodutsa kudenga inayamba kudontha. Posakhalitsa inang'ambika, madzi n'kuyamba kuthovoka ngati paipi ya ozimitsa moto. M'chipinda monse munamveka kung'ung'udza kwa anthu okhutira. Mortimer Vance, amene ankalemba za luso m'nyuzipepala, anagwira pamtima.

"Taonani, anthuni! Iye akusamala dontho, dziko likutaya mtsinje. Mkazi uyu ngoopsa!"

Tinagwedeza mitu madzi akulowa m'nsapato. Musandifunse, nanenso ndinkayesa ndi mbali ya sewero, mpaka ndinakhumudwa kuti Ardith sananditsine khutu. Ndikanayang'ana nkhope yake ndikanadziwa, chifukwa maso anali atatuluka. Koma lamulo analemba yekha, ndiye anangopitiriza kuyenda ndi supuni yake pansi poterera.

A Cyril anadzuka.

"Anthu inu mitu ikuyenda bwino? Paipi yaphulika iyi!"

"Shhh!" anatero mayi wina kumbuyo.

"Ameneyunso ali m'sewero!" Mortimer ananong'oneza mokweza. "Wamupeza kuti? Akuchita kukhala ngati munthu weniweni."

"Ndine munthu weniweni, achimwene. Gwirani jekete iyi, muchotsenso phazi lanulo."

Mortimer analandira jekete ndi manja awiri ngati mwana wakhanda. Mdalayo anatulutsa sipanala m'thumba la thalauza. Inde, munthu anakwera basi usiku wonse atavala suti, sipanala ili m'thumba. Anatsata paipi mpaka pakona, n'kutseka madzi. Kenako anadula kachidutswa ka labala pa chopondera cha pakhomo, anawongola waya wopachikira malaya, anakwera pazenera n'kuyamba kumanga pong'ambikapo, uku akutukwana m'Chipolishi. Akatukwana, anthu m'manja. Akatembenuka kuti atikalipire, m'manja mowirikiza.

Ine ndinajambula mpaka filimu inatha. Ndiye ngati mumadabwa kuti bwanji m'mabuku mulibe chithunzi cha Ardith cha tsiku lotchukali, wolakwa ndine. Zithunzi zonse makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi ndi za a Cyril, zambiri mwa izo kumbuyo kwa thalauza lawo.

Anatsika hafu pasiti fili, malaya ali chonyowa. Ndinkayesa atenga jekete n'kumapita, ndipo mtima unandiwawa chifukwa cha mnzanga. Koma anaima chilili kuyang'ana mwana wawo. Maola atatu ndi theka anali atamugwira. Mkono unkanjenjemera, milomo itauma, mapazi akufufuza popondapo. Koma supuni inkafika kundowa ili yodzaza.

Mdalayo anatola mulu wa nyuzipepala pakona, nagwada n'kupukuta kanjira kuchokera kundowa ina kufika kuinzake. Atatha anabwerera pampando wake.

"Bambo, basi ija," ndinawakumbutsa.

"Khala chete, ukumusokoneza."

Folo koloko inakwana, inadutsa. Wotchi sanaiyang'anenso.

Faifi itakwana, Ardith anathira supuni yomaliza naima. Anthu onse anathamangira kwa a Cyril. Mortimer ankafuna kudziwa kuti anaphunzira kuti zisudzo, wina ankawaitanira ku chionetsero chake cha mwezi wamawa. Ardith anatsala yekha pandowa, manyazi atamugwira, poti tsiku limene ankafuna kuonetsa bambo ake kuti ndi munthu, denga linamugwetsera ulemu ndipo m'manja anaombera wina. Supuni inali ikadali m'dzanja chifukwa zala zinakana kutambasuka.

A Cyril anakankha anthu n'kufika pamene anali. Anagwira dzanjalo n'kuyamba kutambasula zala chimodzichimodzi.

"Adadi, basi yakusiyani."

"Ndaona."

"Paipi ija sinali ya sewero."

"Ukuuza ine?" Anamusisita pamkono ndi chala chachikulu. "Chigongono uzichigunditsa kunthiti. Ukachitayira kutali chonchija phewa limatopa msanga. Amene anakuphunzitsa ndani?"

"Palibe."

"Zikuoneka." Anaika supuni m'ndowa. "Mawa ukulowa nthawi yanji kuntchito?"

Ardith, mkazi amene anakhalapo tsiku lathunthu m'chipale chofewa osaphethira, analira ngati mwana, mamina ndi misozi pamodzi. 

"Thwelofu koloko, adadi."

"Ndiye ine ndifika leveni. Paipi imeneija sindikuikhulupirira."