Mawu a M'chipewa cha Ignasio

Chikwama cha Ignasio chinafika ku Bangwe patatha miyezi iwiri mwini wake ataikidwa m'manda ku Poland. Anabwera nacho Jonas, mnzake amene anapita naye kukathyola maapozi. Petronela, mkazi wa malemuyo, anachitsekulira pakhonde. Munali jekete, magolovesi obooka, korona ndi chipewa. M'kati mwa chipewacho munalembedwa mawu oti Bandos.

"Alamu, dzina ili ndi la ndani?"

Jonas anayang'ana pansi. "Kapitawo wa pamundapo ankatiitana choncho tonsefe. Ignasio ankati mwina ndi udindo, ndiye anadzilembera yekha."

"Tsiku limene anagwa pamakwerero lija, anamuitana chiyani?"

"Lomwelo, alamu. Dzina lake lenileni sankalidziwa."

Lamulungu misa itatha, Petronela anatsata Sisitere Halina, mayi wachikulire wa ku Poland yemwe ankathandiza paparishi, n'kuwaonetsa chipewacho. Sisitere anachigwira nthawi yaitali.

"Musandibisire, asisitere."

"Ndi mawu akale, mwanawe. Kwathu kunali anthu opanda minda. Nyengo yokolola ikafika ankayenda m'magulu, esiteti ndi esiteti, kufunafuna ntchito, n'kumagona m'mashedi. Gulu m'chinenero chathu timati banda, ndipo akuti dzinali linachokera pamenepo. Zokolola zikatha ankawauza kuti azipita. Agogo anga anali mmodzi wa iwo."

"Ndiye si udindo?"

"Ayi. Masiku ano wokutchula choncho sakukulemekeza."

Petronela sanalire. Anakumbukira mmene mwamuna wake ankasekera pafoni, akuti azungu amupatsa kale dzina. Anayenda wapansi mpaka kunyumba, maminibasi akumuimbira huta, iye osatembenuka.

Pakhomo anapeza mlongo wake Raymond atakhala pa mpanda wa njerwa, pasipoti yatsopano ili m'manja. Jonas anali atamupezera malo paulendo wotsatira wa ku Poland.

Petronela anamufotokozera zonse, mawu ndi mawu, monga ananenera Sisitere. Raymond anamvetsera mpaka kumapeto.

"Achemwali, ndamva. Koma ku Limbe ndikamanyamula matumba amandiitana chiyani? Iwe waganyu. Chaka chachinayi chino."

"Koma ukafera kuno tidzakuika ndife."

Raymond ananyamuka Lachitatu la sabata yachiwiri ya Epulo. Petronela anamuperekeza mpaka pasiteji, ndipo minibasi itadzaza anabwerera kukatsegula benchi yake ya tomato.