Mchere Umadya

Bambo anga a Lazaro sanaonepo nyanja yamchere chibadwire, koma ankadana nayo ngati inawalanda mkazi. Ankagwira ntchito pafamu ya thonje kunja kwa Chegutu, ndipo chaka chilichonse zokolola zikatha, mzungu wa pafamupo ankapita ku Beira kukawedza. Iye ankabwerako ndi mphuno yosupuka ndi dzuwa komanso nkhani za nsomba zazikulu ngati ng'ombe. Bambo ndiwo ankalandira ndodo zowedzera, mawilo okulungira ulusi ndi mbedza, zonse zitayera mbuu ndi mchere.

"Mchere umadya, Norma," ankandiuza choncho ndili wamng'ono. "Chitsulo sichichita kulowa m'madzi ayi. Mpweya wokha wa kumeneko umakwana."

Ankayamba n'kuzitsuka ndi madzi amvula a m'thanki, chifukwa a pamjigo ankati nawonso ali ndi kamchere. Akaziyanika pamthunzi, ankamasula wilo lililonse n'kudonthezera mafuta a makina osokera. Mphete zachitsulo zija zimene ulusi umadutsamo pandodo ankazipaka girisi ndi nthenga ya nkhuku, imodzi imodzi, lilime lili panja. Ine ndinkaonerera mtima ukuwawa. Miyendo yanga inali yotuwa ngati ndagona paphulusa, koma zitsulo za mzungu zinkadzola mafuta.

Famu italandidwa mu 2002, mzungu uja anathawa ndi banja lake. Asanakwere galimoto anaponyera bambo mtolo wa zowedzera zija n'kunena kuti, "Sunga, Lazaro, ndibwera." Sanabwere. Ife antchito a pafamu, ana a Amalawi, munda sitinapatsidwe, akuti ndife anthu opanda kwawo. Tinakapezeka ku Pfupajena, m'tauni ya Chegutu, m'kanyumba kodontha, bambo ndi ine basi, poti amayi anali atatisiya kalekale. Pambuyo pake ndinapeza ntchito pafakitale ya nsalu ku Kadoma, ndikugona kudera la Rimuka komweko, ndipo Loweruka ndinkakwera kombi, minibasi ya kumeneko, kukawaona bambo.

Nthawi zonse ndinkawapeza akupukuta. Njala itafika povuta mu 2008, mashopu ali pululu, ndinawachonderera kuti agulitse ndodozo, apo ayi apite nazo kumtsinje wa Mupfure akatigwirire ndiwo.

"Si zanga," anayankha.

"Mwini wake pano akudya nyama kunja, inu mukugonera madzi. Akukukumbukani?"

"Zimenezo n'zake. Ine anandiuza kuti ndisunge."

Ndinkawakonda bambo anga, koma pankhani imeneyi ankandinyansa zedi.

Mvula ya chaka chimenecho inalowa m'nyumba, ndipo bambo anapeza kadontho ka dzimbiri pambedza imodzi. Sadza, nsima yathu ija, sinadyeke tsiku limenelo. Anakapeza payipi yaikulu yothiririra, napaka zonse girisi wochuluka, nazikulunga m'zidutswa za nsalu zomwe ndinkabweretsa kuchokera kufakitale, natseka kukamwa kwa payipiyo ndi mphira wa chubu. Ndiye anakumba kuseri kwa chimbudzi n'kuikwirira kuti mpweya usaipeze, pamwamba n'kudzala maungu. Anachita zimenezi dzuwa likuswa mtengo, poti mumtima mwawo munalibe chobisa.

Tangoganizani. Nkhalamba yochokera pafamu ya mzungu ikukwirira payipi yaitali, yolemera, yonunkha mafuta, chisankho china chitangodutsa, china chili pafupi, anyamata achipani akuyenda khomo ndi khomo. Munthu wina aliyense mu Pfupajena akanadziwa mmene zionekere. Bambo anga ankangoganiza za dzimbiri.

Anyamata aja anabwera Lamlungu titangobwera kutchalitchi. Tinayamba kumva nyimbo, kenako tinaona gulu likukhota pakona, ena ndi mipini ya nkhwangwa, ena ndi mawaya. Patsogolo panali Trymore. Ameneyu tinakulira limodzi pakomboni ya pafamu, agogo ake anachokera ku Dedza ngati athu, ndipo sadza ya amayi anga anaidya mpaka kunyambita mbale. Koma tsopano ankafunika kuonetsa anzake kuti iye si mlendo, choncho ankakuwa kuposa onse.

"Mudhara, pfuti dziri kupi?" anafunsa m'Chishona. Ankafuna mfuti.

"Mfuti zanji, mwanawe?" bambo anayankha m'Chichewa. "Iwe ukundidziwa ine."

"Ine sindine mwana wako. Zimene anakusiyira mzungu, unakwirira kuti?"

Bambo akanangoloza chala, mwina zikanathera pomwepo. Koma ndinaona nkhope yawo ikuuma, ndipo ndinadziwa chomwe ankaganiza: akaziona azitenga. Anangoti, "Zimenezo si zanu, si zanganso."

Anawagwetsa chafufumimba pabwalo, atavalabe jekete la kutchalitchi. Wina anawakhalira pamsana, wina anawavula nsapato, ndipo mpini unayamba kugwa kumapazi. Phokoso lake linali ngati munthu akupuntha nyemba m'thumba. Anthu oyandikana nafe anaima kumipanda ali duu, poti wochoka akanafunsidwa chifukwa chake. Bambo ankabuula, koma pakamwa sanatsegule. Phazi limodzi litang'ambika, magazi n'kuyamba kudontha m'fumbi, ine ndinalephera kupirira.

"Zili pansi pa maungu apo. Asiyeni, ndikumba ndine."

Bambo anatembenuza mutu n'kundiyang'ana. Sanakalipe. Anangondiyang'ana ngati ndine amene ndawamenya.

Ndinakumba ndi khasu mpaka payipi inaonekera. Anaikokera pakati pa bwalo. Gulu lonse linabwerera m'mbuyo pang'ono, ndipo Trymore anadula mphira uja ndi mpeni, akutuluka thukuta, akuyang'ana anthu kuti aone bwino chimene wagwira. Anasolola nsalu yoyamba n'kuifunyulula.

Munali ndodo yowedzera. Inatuluka ikunyezimira ngati yangochoka m'shopu, mphete zake zili phuliphuli padzuwa. Anasolola ina, ndodonso. Anakhuthula payipi yonse, ndipo pansi panagwa mawilo ndi kachitini ka mbedza.

Apa mayi wina kumpanda anaseka. Sanachitire dala, chinangomupulumuka, koma ena angapo anatsatira, ngakhale mnyamata mmodzi wa m'gulu lomwelo. Ine ndinapuma, ndikuganiza kuti tapulumuka. Ndinali chitsiru. Munthu amene wabweretsa gulu lonse kudzafukula mfuti sangabwerere atanyamula mbedza anthu akumuseka.

Trymore anatola ndodo yaikulu kwambiri, ija ya nsomba za m'nyanja. Anang'amba jekete la bambo ndi shati yomwe, n'kuyamba kuwakwapula pamsana. Ndodoyo inkapindika n'kuwongoka, kupindika n'kuwongoka, ndipo paliponse pomwe yagwa mphete zija zinkalowa m'thupi n'kutuluka ndi khungu. Ndinkapemphera kuti ithyoke. Ikanakhala ndodo ya munthu wosasamala, mchere ukanadya kale mphetezo, zikanagwa pa chikwapu choyamba. Koma imeneyi inali itadutsa m'manja mwa bambo anga chaka ndi chaka. Sinathyoke, ndipo palibe mphete ndi imodzi yomwe inachoka.

Ndinadziponya pamwamba pawo, ndodo n'kundipeza paphewa. Chipsera chake ndili nacho, timabala tozungulira totsatana bwinobwino. Anandikoka tsitsi n'kundiponya kumbali. Bambo atatambasula dzanja kuti atole wilo limodzi lomwe linagubudukira m'fumbi, wina anaponda zala zawo ndi jombo mpaka ndinamva zikulira. Atatopa, anyamatawo anasonkhanitsa zonse, ndi nsalu zomwe, n'kumapita akuimba. Anatisiyira payipi yopanda kanthu.

Kuchipatala kunalibe mankhwala masiku amenewo, komanso wopita ndi mabala otere ankafunsidwa mafunso amene akanabweretsa gulu lija kachiwiri. Mai Tabitha, oyandikana nafe, anandithandiza kuwanyamulira m'nyumba. Kenako anapita kwawo n'kubwera ndi kamchere m'kapepala, komaliza komwe anali nako.

"Uwiritse madzi, usungunulemo uwu, uwatsuke mabalawo," anatero motsitsa mawu. "Apo ayi awola."

Ndinawagoneka chafufumimba pamphasa. Msana wawo sindiufotokoza. Ndinaviika kansalu m'madzi amchere aja n'kuyamba kupukuta, ndipo thupi lonse linkadumpha ndikangokhudza. Ndinkalira ndi ukali, ndikutukwana Trymore, mzungu uja, nyanja yake, ngakhale bambo omwewo chamumtima. Iwo anali asanandilankhule chiululire malo a payipi. Mpweya unkatuluka movutikira, ndipo m'chifuwa munkalira zinthu zimene sindinkafuna kumva. Pamphasa imeneyo sanadzukeponso, mwezi usanathe tinawaika m'manda. Koma madzulo amenewo ine ndinali ndisanadziwe, ndinkangofuna kuti anene kanthu, ngakhale kunditukwana.

Dontho lina linatsetsereka kuchoka paphewa n'kufika pamilomo yawo. Ndinawaona akulilawa.

"Norma."

"Bambo?"

"Wathiramo mchere?"

"Eya, bambo. Mai Tabitha akuti umapha tizilombo."

Anayankha maso ali chitsekere.

"Chabwino. Koma ukatha, unditsukenso ndi madzi amvula. Ali m'chigubu kuseri kwa chitseko. Usausiye pathupi, mwanawe. Mchere umadya."

Ndinakatenga chigubucho. Ndinawatsuka pang'onopang'ono, bala lililonse palokha, monga ndinkawaonera akuchitira, n'kudikira kuti aume. Mafuta odzola munalibe m'nyumbamo. Pawindo panali kabotolo kawo ka mafuta a makina osokera, ndi nthenga ya nkhuku pambali pake.