Mahatchi Khumi ndi Awiri a Mchimwene Wanga

Ndinangomutuma kuti asinthe kilatchi. Kilatchi basi, ntchito imene makaniko aliyense amagwira uku akutafuna chingamu. Koma mchimwene wanga wamng'onoyu, amene kugalaja kwawo amamutchula kuti Mahatchi chifukwa mawu amenewo, oyezera mphamvu ya injini, sachoka pakamwa pake, ndi munthu woti ukamutuma kusoka batani amabwera atadula manja a malaya, n'kuima poteropo kudikira kuti umuthokoze.

Ine ndimaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Zaka khumi ndi zinayi tsopano, kagalimoto kake komweko: koyera, kakang'ono, kokhala ndi buleki yachiwiri kumbali yanga. Sikathamanga, ndipo sindinakapemphepo kuti kathamange. Ubwino wake unali kukhululuka. Wophunzira akachotsa phazi pa kilatchi ngati waponda khala lamoto, iko kankangonjenjemera pang'ono n'kupitiriza ulendo.

Sabata imeneyo ndinali ndi amake mapasa, mayi wa zaka makumi asanu, wofatsa mpaka kukwiyitsa. Amuna awo anafa ziwalo mbali imodzi miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Nyumba yawo ili pamwamba pa chitunda chimene mabasi sakwera, ndiye Lolemba ndi Lachinayi lililonse mayiwo ankabereka amuna awo kumsana mpaka kumsewu, kupita nawo kuchipatala kukawongola miyendo, pobwera n'kuwaberekanso. Chonsecho galimoto ya bambowo ili pakhomo pomwepo, nkhuku zikugona pansi pake, wongoiyendetsa ndiye palibe. Mayeso anali atalephera kawiri, konseko ponyamuka pamtunda. Tinalimbana nawo mtundawo milungu isanu ndi umodzi mpaka phazi lawo linaumva. Mayeso achitatu anali Lachisanu, ndipo chikalata chawo chophunzirira chinkatha tsiku lomwelo. Kulephera kunali kuyambiranso zolemba ndi kudikira miyezi ina inayi.

Kagalimoto ndinakasiya kugalaja Lolemba. Lachiwiri, “Mawa, achemwali.” Lachitatu, “Tikumalizitsa.” Lachinayi foni osayankha. Lachisanu m'mawa ndinapitako ndekha, ndipo ndisanalowe pageti ndinamva chinthu chikulira ngati chigayo chimene chameza mwala.

Kanali kagalimoto kanga. Kanaima pakati pa galaja kakugwedezeka thupi lonse, galasi loonera kumbuyo likuvina. Amakaniko anzake atatu anakazungulira manja ali kumbuyo, mitu ikugwedera ngati akumvera ulaliki. Patebulo panali phulusa la chitsulo, ndipo mchimwene wanga mano onse anali panja.

“Achemwali, mvetserani kaye mmene ikupumira!”

“Wachita chiyani iwe?”

“Poti giyabokosi inali kale pansi, ndinati bwanji tingomalizitsa zonse. Mutu wa injini ndaupala, njira za mpweya ndazikulitsa n'kuzisalaza, mungadziyang'anirepo nkhope. Kamu ndaika ina, yotsegula mavavu nthawi yayitali. Ndiye fulayiwilo ija, eeh, inali chimtolo! Ndaisema, ndachotsako makilo atatu. Mahatchi khumi ndi awiri owonjezera, achemwali, popanda tabo. Ena amachita kuipopera mpweya injini, koma iyi ikukoka yokha. Ndi mphatso yanga imeneyi.”

Mphatso! Kwa amene simudziwa, fulayiwilo ndi chimbale cholemera chachitsulo chimene chimazungulira pakati pa injini ndi magiya. Kulemera kwakeko ndi kumene kumasunga injini kuti isazime phazi likalakwitsa. Kukhululuka konse kwa kagalimoto kanga kunali m'makilo atatu amenewo, ndipo anali atasanduka phulusa lija la patebulo.

“Nanga mahatchi akowo ali pati?” ndinamufunsa.

“Kumwamba, achemwali. Mukaiponda kwambiri, singano ya liwiro la injini ikadutsa faifi, pamenepo ndiye imadzuka.”

“Ophunzira anga amayenda liwiro la munthu wopita kumaliro. Adzafikako liti kumwamba kwakoko?”

Mmodzi wa anzake aja, wa chipewa chamafuta, anati azimayi zinthu za mphamvu sazimvetsa. Ndinamuyang'ana mpaka anakumbukira kuti anali ndi ntchito kuseri.

Ndinakwera, ndinaika giya yoyamba, ndinakweza phazi monga ndakhala ndikukwezera zaka khumi ndi zinayi. Kanazima. Ine mphunzitsi, kanandizimira pamaso pa anthu! Mchimwene wanga anati, “Muzolowera, imangofuna moto wambiri.” Ndikanamumenya ndi sipanala, koma nthawi inali itakwana kale hafu seveni, mayeso ali pafupi, ndipo kumayeso salola galimoto yopanda buleki yachiwiri. Ndinaimbira aphunzitsi anzanga awiri, onse anali ndi ophunzira awo.

Apa ndiulule tchimo langa. Amake mapasa nditawatenga sindinawauze zoona. Ndinaopa kuwaopseza. Ndinangoti, “Yasinthidwa kilatchi, mayi, muziwonjezerako moto pang'ono.” Tinayeserera theka la ola, kanazima kanayi, ndipo nthawi iliyonse iwo ankati, “Pepani aphunzitsi.”

Kumalo a mayeso ndinaima kuseri kwa waya. Woyesa anali bambo wa magalasi, wosaseka. Atangokhala pampando cholembera chake chinayamba kuvina papepala, ndipo anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna potulukira. Zobwerera m'mbuyo mayi aja anakhoza. Zoimika pakati pa timitengo toyesera anakhoza, kagalimoto kakubangula ngati kakuphedwa. Kenako anafika pamtunda paja, n'kuima pa mzere woyera.

Ndinkaona mutu wawo utaweramira kutsogolo, akumvetsera injini monga ndinawaphunzitsira: ikasintha mawu, tsitsani handibuleki. Koma injini imeneyi inalibe mawu oti munthu n'kumva. Inazima. Analizanso, inazimanso. Kachitatu anaponda moto ndi mtima wonse, ndipo mahatchi a mchimwene wanga anadzukadi, onse khumi ndi awiri. Matayala analira, kagalimoto kanalumpha, kanakagwetsa timitengo tiwiri pamwamba pa mtunda. Woyesa ndi amene anaponda buleki yanga ija.

Anatsika, anakonza magalasi, nandifunsa, “Mayi, iyi ndi ya sukulu kapena ya mpikisano?”

Ndinkayang'ana amake mapasa akubwera, nsapato zawo zoyendetsera zili m'manja.

“Ndakuchititsani manyazi, aphunzitsi,” anatero. “Mutu wangawu ndi wouma basi. Bambo kunyumba anati lero agona tulo.”

Mtima unandiwawa kuposa tsiku limene ndinaika mayi anga m'manda, ndikunena zoona. Ndinawauza zonse pomwepo, za kamu, za makilo atatu, za bodza langa. Sanakalipe. Anangovala nsapato zawo zina n'kunena kuti, “Lolemba ndi tsiku la kuchipatala.”

Chitsulo chosemedwa sichimeranso. Fulayiwilo ina inafunika kuitanitsa, ndiye kagalimoto kanga kanabwerera pamiyala kugalaja. Galimoto ya bambo aja nayo batire inafa kalekale, matayala awiri ali phwa. Choncho Lolemba m'mawa ndinakamutenga mchimwene wanga pakhomo pake, wapansi, tiyi asanamwe.

“Tikupita kuti, achemwali?”

“Kukayesa mahatchi.”

Potsika chitunda cha kwa amake mapasa anawabereka bwinobwino amuna awo aja, mpaka kumacheza. Anawauza bambo odwalawo kuti galimoto yawoyo akhoza kuidzutsa, ndipo atangoikhudza pang'ono mutu wa injini... Ndinatsokomola, anasiyira pomwepo.

Pobwera dzuwa linali paliwombo. Bambowo ndi munthu wamtali, wa mafupa olemera, ndipo mbali yakufayo siithandiza wobereka, imangolendewera. Mchimwene wanga anayamba chitunda mothamanga, monga achitira zonse. Titadutsa pa mpope wa madzi nthabwala zinatha. Titafika pa nyumba ya mpanda wa malata malaya anali atamatirira kumsana, akupuma ngati galu. Pakati penipeni pa chitunda anaima kuti akokeko mpweya.

“Musaime pamenepo, achimwene,” anatero amake mapasa. “Pamenepo mukaima, kunyamukanso n'kovuta.”

Anayesa. Phazi linakwera pang'ono n'kubwerera pomwe linali. Anayesanso, bambowo anayamba kutsetsereka kumsana.

Ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndimuuze pa nthawi imeneyi, ndinawasunga kuyambira Lachisanu. Sindinanene ndi limodzi lomwe. Amake mapasa anandipatsa chikwama chawo cha mankhwala, anamanga nsalu m'chiuno, anawerama kutsogolo kwa amuna awo n'kunena kuti, “Bweretsani kuno.”

Ananyamuka kamodzi kokha, osabwerera m'mbuyo ngakhale phazi limodzi. Ife awiri tinkangowatsatira pambuyo.