Mboni ya ku Kamitondo

Bamboyo anafika pa ofesi ya Maud Mhone Lachiwiri m'mawa, kutatsala masiku naini kuti mlandu wa Jairus Njobvu uyambe kuzengedwa. Anavala jekete yosita bwino ndi nsapato zonyezimira. Moni anapereka m'Chibemba, koma atawerenga dzina la Mhone pachitseko anatembenukira ku Chinyanja. Anati iye ndi Wilfred Sakala wa ku Kamitondo, ku Kitwe, ndipo wabwera kudzapulumutsa munthu wosalakwa.

Maud anali atagwira uloya mu Ndola zaka khumi ndi zinayi, akuimira anthu amene maloya ena ankawathawa. Zaka zonsezo mboni ankachita kuzisaka yekha, kuzinyengerera, zina kukazitulutsa kuchimbudzi kumene zabisala tsiku la khoti. Mboni yobwera yokha, itasamba n'kudzola, anali asanaionepo.

Jairus anali wowotcherera zitsulo ku Chipulukusu, mu Ndola momwemo. Tsiku limene timashopu ta m'mbali mwa msewu tinagwetsedwa, anthu anakwiya n'kutentha galimoto ya ogwetsawo. Apolisi anagwira aliyense amene anam'peza pafupi. Jairus atakhala m'chitokosi masiku anayi, anasaina chikalata cha Chingerezi chovomera kuti ndiye anathira petulo, munthu woti sukulu analekeza giredi faifi. Anatulukamo nthiti ziwiri zitathyoka, ndipo tsopano unali mwezi wachisanu ndi chiwiri ali pa limandi. Kwa Maud anali atanena kale zoona zake: pamalopo analipo, ankakoka makina ake owotcherera kuti asaphwanyidwe, koma galimotoyo sanaikhudze.

Wilfred anabwera ndi nkhani ina. Anati tsiku limenelo Jairus anali ku Kamitondo, akumuwotcherera geti kuyambira eyiti koloko mpaka dzuwa kupendeka. Ankakumbukira deti, minibasi imene Jairus anakwera, ngakhale ndiwo zimene anadya masana. Atafunsidwa kumene anali miyezi yonseyi, anati anali ku ganyu ku Solwezi. Atafunsidwa amene anamulozera ofesiyi, anamwetulira n'kunena kuti ba loya ndi odziwika.

"Nanga munthu anganyamule bwanji chigubu chachikasu cha petulo ku Ndola, iye ali kwanga ku Kitwe?" anatero Wilfred.

Maud anapitiriza kulemba ngati sanamve kanthu, koma cholemberacho anachigwira molimba. Za chigubu chachikasu zinali m'chikalata chimene Jairus anasaina, ndipo chikalatacho chinali chisanawerengedwe m'khoti. Anakumbuka loya mnzake wina amene analandira mboni yotereyi. Italowa m'bokosi inatembenuka n'kuuza khoti kuti loyayo ndiye anaiphunzitsa bodza, ndipo ntchito ya munthuyo inathera pomwepo. Anakumbukanso kuti dandaulo lake pa kumenyedwa kwa Jairus linali litatchula apolisi awiri ndi mayina awo. Anathokoza Wilfred, natenga nambala ya foni ndi ya nyumba yake, n'kumuuza kuti amuimbira.

Sanamuimbire. Lachinayi anakwera basi ya ku Kitwe, galimoto yake n'kuisiya pa ofesi kuti aliyense wodutsa aziona ngati alipo. Kitwe ankaidziwa bwino, poti anakulira ku Chamboli kumene bambo ake anali kalaliki wa pamgodi. Ku Kamitondo nyumbayo anaipeza mosavuta, ndipo geti linalipodi, lobiriwira, dzimbiri litayamba kudya m'munsi. Mayi wina wachikulire ankachapa pabwalo. Maud anakamba naye m'Chibemba, akunamizira kuti akufuna wom'pangira geti ngati limeneli. Mayiyo anaseka, nati getilo linapangidwa amuna awo ali moyo, zaka sikisi zapitazo. Za Wilfred anati n'zoona amachita lendi kachipinda ka kuseri, koma wangokhalamo miyezi iwiri, ndipo masiku ambiri sagonamo. Ntchito yake sankaidziwa.

M'mawa mwake Maud anapita kundende. Jairus anali ataonda, khosi likuoneka lalitali m'kolala. Anamvetsera nkhani yonse maso ali pathebulo. Maud anamufunsa ngati Wilfred Sakala amamudziwa.

"Ngati iwo akuti ndinali kwawo, amayi, mwina ndinali komweko."

"Munandiuza kuti munkakoka makina anu."

"Zoonazo zandikhazika muno miyezi seveni."

Maud anamufotokozera kuti sangaimike m'khoti munthu amene akudziwa kuti akunama, ndipo ngakhale akanatha, bodzalo likanangoululika n'kukwirira nkhani ya nthiti zija. Jairus sanatsutse. Anangofunsa ngati alipo loya wina amene angavomere mboniyo, ndipo Maud anamuyankha kuti ufulu wosintha loya ali nawo. Anasiyana osagwirana chanza.

Damaris, mkazi wa Jairus, ndiye anabwera atakwiya. Anafika pa ofesi Lolemba atavala yunifolomu ya chigwirizano cha amayi a kumpingo, ndipo anakana kukhala pampando. Anati Mulungu watumiza munthu, loya n'kumubweza. Maud anamulola kuti alankhule mpaka mtima utsike, kenaka anamufunsa kumene anakumana ndi Wilfred. Damaris anati panja pa ndende, tsiku loona akaidi. Bamboyo anamuitana ndi dzina, anamugulira madzi, ndipo sanapemphe chilichonse. Za chigubu chachikasu Damaris anati mwina anatchulapo kwa bamboyo, poti amuna ake anamuuzapo, koma sankakumbukira bwino.

"Inu mumagona pabedi kwanu, ba loya. Bambo a ana anga akugona pasimenti."

Damaris atapita, Maud anakhala osagwira ntchito mpaka masana. Ngati chigubucho chinachokera pakamwa pa Damaris, mwina Wilfred anali munthu wongofuna kuthandiza mwa njira yake yokhota, kapena tsotsi woti adzapemphe zake pambuyo. Mwina iye Maud ankaona msampha pamene panalibe msampha, ndipo wolipira mantha akewo adzakhala Jairus. Komabe foni sanaikhudze.

Tsiku la mlandu, Maud ali pakhonde la khoti kudikira kuti aitanidwe, loya woimira boma anamuyandikira atanyamula mafayilo ake. Anali mnyamata waulemu amene Maud analibe naye chifukwa. Anacheza za kutentha kwa mwezi umenewo, kenaka mnyamatayo anafunsa ngati mboni ya Maud ya ku Kitwe yafika. Maud anali asanalembere khoti kapena wina aliyense za mboni imeneyo. Anamufunsa kuti wamva kwa yani, ndipo mnyamatayo anakanda m'mutu n'kunena kuti zinangomveka pa ofesi.

M'khotimo Maud sanatchule Kamitondo. Anatulutsa khadi la kuchipatala losonyeza nthiti zothyoka. Anam'patsa Jairus chikalata chija kuti awerenge mokweza, ndipo Jairus anakakamira pa mzere woyamba mpaka woweruza anati basi. Wapolisi amene analemba chikalatacho, Maud anamupanikiza ndi mafunso ola lathunthu, mpaka anavomera kuti panalibe womasulira. Wilfred sanaoneke, ndipo nambala yake itayesedwa madzulo ake inali yothima.

Patapita masabata awiri woweruza anakana chikalatacho, ndipo poti umboni wina panalibe, Jairus anamasulidwa. Panja anagwira dzanja la Maud ndi manja awiri. Damaris anaima patali ndi amayi anzake a kumpingo, ndipo anangogwedeza mutu pang'ono. Dandaulo la kumenyedwa lija silinayankhidwe.

Chimene chinatsala m'mutu mwa Maud ndi funso la pakhonde lija. Mwina Wilfred anakanena yekha kwa amene anamutuma. Mwina Damaris anauza anthu kumpingo, nkhani n'kuyenda. Koma zimene Maud analemba tsiku limene Wilfred anabwera zinali m'kabati ya mafayilo, ndipo kiyi wa kabatiyo ankakhala ndi anthu awiri okha: iye ndi Esme, sekilitale amene anagwira naye ntchito zaka eyiti, yemwenso anamudikirira kuchipatala nthawi imene Maud anachitidwa opaleshoni. Loweruka, Esme kulibe, Maud anaitana kalipentala kudzasintha loko.

Lolemba Esme anayesa kiyi wake kawiri, kenaka anasuzumira pachitseko n'kunena kuti kabati yakana. Maud anayankha osadzutsa mutu kuti fayilo iliyonse yofunika azimuuza, azitulutsa yekha. Esme anachotsa kiyi wakale pa mulu wa makiyi ake, namuika pathebulo, n'kubwerera kumpando wake. Mwezi wa Julaye anapeza ntchito ina ku Luanshya. Maud anamulembera kalata yabwino yomuchitira umboni, ndipo sanamupemphe kuti atsale.