Zishango za m'Khola la a Thole

Thenga amene banja la Misheck linatuma kwa a Haswell Thole anabwerako wopanda yankho. Sanamukane, sanamulole. Anamupatsa mpando, anamufunsa za mvula ya ku Mwase, kenaka anati nkhani ya mwana wawo Linah ayambe aiganizira, chifukwa zimene ankamva za mnyamatayo zinali zachilendo. Akuti munthu wamkulu, wa sitolo yakeyake pa boma, Loweruka lililonse amatseka chitseko n'kumasewera ndi tidole. Ndiponso akuti m'masewerowo amawombera Angoni, mtundu wa a Thole omwewo.

"Adada akuti abwela okha adzaone," Linah anauza Misheck. "Loweluka, akadzagula mankhwala a nkhupakupa."

Misheck anakhala pa thumba la feteleza ngati munthu amene wamva uthenga wa maliro.

Tidoleto tinalipodi. Tinali tiasilikali tapulasitiki, kalikonse kotalika ngati theka la chala, timene mphunzitsi wina wa ku koleji ku Lusaka anamusiyira Misheck m'katoni pobwerera kwawo. Bwalo lake linali chitseko chakale chogonekedwa pa migolo kuseri kwa sitolo. Panali mapiri a dothi la pachulu, udzu wa khonje, ndi dambo la penti wobiriwira. Kumapeto kwina kunali mpanda wa timitengo ta machesi, m'kati mwake asilikali a azungu a m'zaka za m'ma 1890 ndi mfuti yawo yachiwaya. Kumapeto kwinako kunali Angoni.

Wopenta anali Linah. Misheck akagwira burashi, msilikali ankatuluka ndi maso onga mazira owiritsa. Linah anali atamaliza digiri ya za ziweto, ntchito inali isanapezeke, ndipo dzanja lozolowera kubaya jakisoni ng'ombe yolusa silinjenjemera pa nkhope ya pulasitiki. Zishango zimene anaziona pa foni sizinamusangalatse, zonse zakuda ndi zoyera ngati yunifolomu ya sukulu. Iye anakulira pafupi ndi khola. Ankadziwa kuti palibe ng'ombe ziwiri zofanana chikopa, choncho chishango chilichonse anachipenta potengera ng'ombe ya bambo ake. Sitima wakuda bii ndi mzere woyera pamsana. Nkhungu wotuwa. Chitenje wofiira, ndi banga loyera longa chikhato m'nthiti. Mumtima mwake ankadziwa kuti ntchitoyo inali yabwino, ndipo sankafuna womuuza.

"Ndaganiza," anatero Misheck. "Iwo atenge Angoni. Ine nditenge azungu, ndiluze bwinobwino. Aseke, apite kunyumba osangalala."

"Usayese."

"Ndiye ndiwombele apongozi anga ndi chiwaya, ndisanakwatile n'komwe?"

"Adada anasiya kusewela nsolo ndi a katekisiti chifukwa cha zimenezo. A katekisitiwo anawalolela kupambana pa Khilisimasi. Mpaka lelo amangopatsana moni wa kutchalitchi."

Misheck anagwedeza mutu ngati wamva. Linah anaona kuti sanamve.

Loweruka a Thole anafika dzuwa litakwera, njinga ataikankha, chipewa chili pamutu. Misheck anatsika pakhonde, ananjuta n'kuwomba m'manja.

"Monile, adada."

"Yewo."

Anagula mankhwala awo, anawerenga tsiku lothera mphamvu pa botolo mosafulumira, kenaka anati, "Nanga nkhondo ija ili kuti?"

Kuseri kwa sitolo kunkanunkha feteleza ndi penti. A Thole anazungulira tebulo manja ali kumbuyo, monga amachitira pogula ng'ombe pamsika. Anagogoda phiri limodzi ndi chala. Anayang'ana azungu mwachidule. Atafika pa Angoni anatulutsa magalasi m'thumba la malaya, ananyamula kamunthu kamodzi n'kukayandikiza kuwindo. Linah anaima mowongoka, akudikira mawu amene anali wotsimikiza kuti abwera.

"Uyu ni Chitenje," anatero a Thole.

"Eya, adada."

Ananyamula kena. "Sitima." Kenanso. "Nkhungu. Uyu ni mwana wa Nkhungu, wa khutu long'ambika." Anavula magalasi. "NyaThole, ng'ombe izi ndazisiya m'mawa uno zikupita kudambo ndi miyendo yawo. Wazisenda ndani?"

Linah anayang'ana kamunthu kamene kanali m'dzanja la bambo ake. Miyezi yonse imene anakhala akusakaniza penti kuti apeze kufiira kwenikweni kwa Chitenje, sanaganizepo ngakhale kamodzi kuti chikopa chimafika pa chishango ng'ombe itagwa. Anali atapha khola lonse la bambo ake ndi burashi, n'kulindandalika pa tebulo la mnyamata amene akufuna kumukwatira.

"Penti sipha ng'ombe, adada," anatero. "Ikanakhala imapha, ndikanayamba ndi nkhunzi ya a Mabvuto ija imatidyela chimanga."

Pakona pa mlomo wa a Thole panagwedezeka pang'ono, koma sanaseke. Anakoka kampando n'kukhala kumbali ya Angoni.

"Poti ni zanga, ndiziweta ndekha. Mnyamata, nena malamulo."

Misheck anafotokoza mawu akumuthawa. Mbali iliyonse imayenda nthawi yake. Mtunda amayeza ndi tepi. Wowombera amaponya madayisi, ndipo akagwa bwino, wolasidwayo amachotsedwa pabwalo. Angoni akalowa mumpanda apambana. Akatha asanafike, apambana azungu.

"Anzanga amene timasewela nawo amangothamangila onse pamodzi, adada. Ambili amagwa panjila, koma otsalawo amalowa."

"Ambili amagwa," a Thole anabwereza. "Anzakowo alibe ng'ombe."

Linah anatenga tepi, poti ndiye anali woweruza. Bambo ake sanathamangire mpanda. Anatembenuza gulu lonse n'kulilowetsa kuseri kwa phiri, m'mbali mwa dambo, pang'onopang'ono, akulu kunja, ang'ono pakati, Chitenje pakatikati penipeni. Ankasuntha kamunthu kalikonse ndi zala ziwiri, nthawi zina akuliza kamluzu kamene amaimbira ng'ombe zikamawoloka msewu. Linah anali asanaonepo munthu akusewera chotero, ndipo anazindikira kuti si zopusa. Phiri linkawabisa. Koma pakati pa phirilo ndi mpanda panali malo a poyera, ndipo aliyense wa maso akanaona kuti chiwaya chiyenera kudikira pamenepo.

Misheck anatenga chiwaya n'kuchilozetsa mbali inayo, kumene kunalibe kanthu koma udzu wa khonje. Nthawi yotsatira anatulutsa asilikali ake theka mumpanda, n'kuwatumiza komweko.

A Thole anayang'ana mfutiyo nthawi yaitali.

"Ikuyang'ana chiyani uko? Kuli anyani?"

"Ndimaganiza kuti mwina mungazungulile uko, adada."

"Ndi gulu liti? Onse uwaona ali apa."

Misheck anayang'ana pansi. A Thole anaika magalasi m'thumba, anatenga chipewa pa bondo n'kuimirira. Sanakwiye. Nkhope yawo inali yaulemu, yomwe ija amaonetsa a katekisiti pakhomo la tchalitchi, ndipo Linah anaidziwa nthawi yomweyo. Akatuluka nayo nkhope imeneyo, thenga adzapatsidwa mpando chaka ndi chaka mpaka atakalamba.

"Khalani pansi, adada," anatero. "Woweluza sanathetse masewelo."

"Palibe masewelo apa, mama. Pali ulemu. Ulemu ndaulandila kale pakhonde."

Linah anatembenukira kwa Misheck. Sanakweze mawu.

"Iwe, ine umandiwombela Loweluka lililonse osaphethila. Sabata yatha unandithela gulu lonse n'kuvina pamwamba. Adada akuchoka akuganiza kuti ndasankha munthu amene adzawauza kuti mvula ikugwa denga likupsa ndi dzuwa. Ine ndikudziwa kuti si iwe ameneyo. Koma sindingakuponyele madayisi."

Anaika tepi pa tebulo, pafupi ndi dzanja lake, n'kubwerera m'mbuyo.

Panja galimoto ya fodya inadutsa, malata a sitolo ananjenjemera. Misheck anapukuta manja pa buluku. Kenaka anati, osayang'ana munthu, "Asilikali ndawatulutsa kale, malamulo salola kungowanyamula n'kuwabweza, abwelela ndi miyendo yawo. Ndi kupusa kwanga, ndikhala nako. Koma chiwaya ndingachitembenuze nthawi yanga ikafika." Anadzutsa mutu. "Ndipo mukatulukila apo, adada, ndikuwombelani."

A Thole anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. Anabweza chipewa pa bondo.

"Tione."

Chiwaya chinatembenuka. Tsopano a Thole analibe njira ina. Akanadikira kuseri kwa phiri, asilikali aja akanabwerera mumpanda. Anasisita chibwano, kenaka anatulutsa gulu lonse poyera, Sitima patsogolo. Misheck anatambasula tepi. Anasonkhanitsa madayisi, anawagwedeza m'manja awiri n'kuwaponya pa dambo.

Linah anawerama n'kuwerenga. Anali madayisi abwino kwambiri, a mtundu umene Misheck masiku ena amaulumphira.

"Sitima wagwa," anatero. "Nkhungu wagwa." Anayeza kachiwiri, ngakhale ankadziwa kuti sanalakwitse. "Ndi Chitenje."

Misheck sanapepese, ndipo Linah anamukonda chifukwa cha chimenecho kuposa tsiku lina lililonse. A Thole anatambasula dzanja, anagoneka Sitima ndi Nkhungu pambali pa tebulo. Chitenje anamunyamula, anamupukuta fumbi ndi chala chachikulu, n'kumuika m'thumba la malaya pamodzi ndi magalasi.

"Wandiphela ng'ombe ya mkaka," anatero.

"Munaiika poyela, adada."

"Iwe!" Anakoka mpando kufupi ndi tebulo. "NyaThole, ndipatse timiyala ito."

Kuchokera pamenepo kunalibenso kamluzu. A Thole anaimirira, jekete anaikoleka pa msomali, ndipo otsala onse anawathamangitsira kumpanda. Ankaponya madayisi ngati akuponya chibonga, limodzi mpaka linakagwera kuseri kwa matumba a mbewu. Anatsutsana ndi tepi. Anatsutsana ndi woweruza, n'kumukumbutsa amene anamulipirira sukulu. Woweruza anati zimenezo sizili m'malamulo. Mwana wa Nkhungu, wa khutu long'ambika uja, analumpha mpanda yekha, anagwetsa wowombera chiwaya, ndipo a Thole anafuula mawu achingoni amene Linah anali atawamva kamodzi kokha, pa gule wa ingoma pamaliro a agogo ake. Mayi wina amene anabwera kudzagula mbewu ya repu anasuzumira pakhomo n'kubwerera mwakachetechete.

Koma asilikali amene Misheck anawatumiza kwa anyani anali atabwerera. Anawombera kamodzi, ndipo mwana wa Nkhungu anagwa m'kati mwa mpanda, anzake atatha kale panja.

"Apambana azungu," anatero Linah.

A Thole anakhala pansi akupuma mwamphamvu. Anayang'ana khola lawo lonse litagona m'mbali mwa tebulo. Kenaka anayang'ana phiri, malo a poyera aja, ndi dambo.

"Dambo ili munthu angawoloke?"

"Angawoloke, adada, koma amayenda theka la mtunda," anatero Misheck.

"Bwanji sunanene?"

"Ndinanena poyamba paja."

"Unanena ngati udzudzu." Anaimirira n'kuvala jekete. "Ndikanadzela m'dambo, ukanandiona mochedwa."

"Ndikanakuonani ndithu."

"Tidzaona."

Panja anamangirira botolo la mankhwala pa kaliyala wa njinga, mosamala, mfundo ziwiri. Linah anaima pakhonde manja atapinda. Sanafunse kanthu. Ankawadziwa bambo ake: chinthu chachikulu amachinena phazi lili kale pa pedulo.

"Mnyamata."

"Adada."

"Thenga wako uja umuuze abwele Lachisanu. Asabwele Loweluka, sadzandipeza. Ndidzakhala kuno."

Misheck ananjuta, anawomba m'manja.

"Adada," anatero Linah, "Chitenje ali m'thumba mwanu."

A Thole anagwira thumbalo ndi chikhato.

"Uyu sabwelelanso kunkhondo. Ali ndi bele, ukudziwa wekha, ndiwe unamupima." Anakankha njinga, kenaka anaimanso. "Pamalo pake upentepo nkhunzi ya a Mabvuto. Uiike kutsogolo kwenikweni."

Linah anawayang'ana akulowa mumsewu wa fumbi, chipewa chili chilili. Kenaka anabwerera kuseri kwa sitolo, anatsegula katoni n'kusankha kamunthu kamene kanali kasanapentedwe. Nkhunzi ya a Mabvuto ankaidziwa bwino: yakuda, ndi mawanga oyera m'khosi, ngati yathiridwa phala.