Katsamiro ka mimba ya Ellen

Makanema a pa foni aja ndinkawakonza ndine. A Nickson, bambo a mwana wanga Luso, ntchito yawo inali kusewera basi. Sukulu ndinalekeza Fomu 2, koma kudula kanema ndinadziphunzitsa ndekha pakhonde ku Sadzi, mwana ali kumbuyo.

Poyamba ankasewera okha, anthu osaonera. Ndine ndinati pakufunika mkazi, poti anthu amakonda kuona banja likukangana. Ine kamera ndimachita nayo manyazi, ndiye ndinakatenga mnzanga Ellen, amene tinkagulitsira limodzi masitiroberi kuphiri. Oonera atayamba kuchepanso, ndinati m'seweromo Ellen akhale woyembekezera. Ndinasoka katsamiro ndi chitenje chakale, n'kuikako zingwe zomangira m'chiuno. Ndemanga zinachuluka pa TikTok, ena mpaka kumpatsiratu dzina mwana wa nsanzayo.

Ndinaonanso kuti ndikachedwetsa pang'ono pamene awiriwo ayang'anana, anthu amabwereza kuonera. Ndiye ndinkachedwetsa, n'kuikapo kanyimbo.

Loweruka lina a Nickson ndi Ellen anakwera okha kukajambula kudamu la Mulunguzi, ine nditatsala, Luso atatentha thupi. Mawa lake masana ndinakhala pansi ndi foni, nyemba zili pamoto. Kanemayo anatuluka bwino, mitengo ya paini kumbuyo, Ellen atagwira msana ngati watopadi. Ndinaseka, ndikuti mtsikanayu wafika podziwa. Kenako Luso anatembenuka pamphasa, ndipo ndinaona chimene anatsamira. Katsamiro kaja, zingwe zake zili lende. Kanali m'nyumba sabata yonse, koma m'kanemamo mimba ya Ellen inalipo.

Kanema aliyense amakhala ndi mchira, pamene a Nickson amayenda kukazimitsa foni. Mchira umenewo ndimangodula osauyang'ana. Tsikulo ndinauonera. Sanathamangire foni ayi. Anayamba amuchotsa Ellen kachitsotso m'tsitsi, n'kumufunsa ngati wapita kusikelo.

A Nickson atabwera madzulo anafunsa ngati kanemayo ndaponya kale pa TikTok, ati anthu akudikira. Ndinawaikira katsamiro kaja pamiyendo. Anakatembenuza uku ndi uku, kenako anayamba zoti Ellen wangonenepa, zoti ine ndimaganiza kwambiri.

“Bambo a Luso,” ndinatero, “mimbayo ndi ya miyezi ingati? Ndikufuna ndidziwe kuti maso aja ndinayamba kuwachedwetsa zisanayambe kapena zitayamba kale.”

Anangopempha kuti mchirawo ndiufufute, poti ukatuluka tsamba lathu lifa.

Sindinauponye, chifukwa Luso adzakula n'kudzaupeza. Ndinautumiza kwa amalume anga ku Chikamveka, amene ndi ankhoswe athu, wathunthu, wopanda kanyimbo. Foniyo ndinawabwezera a Nickson, kanema wawo ali wosadula. Anakhala pakhomo akuidinadina, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti podulira m'pati.

Ndinawauza kuti akafunse Ellen, n'kupita kukaona nyemba zanga.